Kachipi Kachinayi

Kachipi kachitatu, kaubongo koyendetsa kamakina, kanafa Lachinayi m'mawa. Vânia anakazula m'kabokosi ka sopo n'kukaponya patebulo la bambo ake, a Zeferino, pakati pa mawailesi akufa. Kanali kakang'ono ngati chikhadabo, ka timiyendo tawaya tambirimbiri, ndipo kankanunkha kupsa.

"Ndi Natanael ameneyo," anatero a Zeferino. "Ndakhala ndikukuuza."

A Zeferino anakonza mawailesi pa Kalomwe zaka makumi anayi, mpaka anthu anayamba kumvera nyimbo pafoni. Sankakhulupirira munthu. Osintha ndalama pamalire ankati ndi mbava, ansembe a ku Fonte Boa ankati ndi mbava zovala zoyera. Mwana wawo mmodzi yekhayu ndiye ankamukhulupirira, pang'ono.

M'kabokosi ka sopo kaja Vânia ankapangiramo kamakina kogwira m'manja kosewerera magemu akalekale, aja a kamunthu kodumpha maenje. Mabatani anachotsa pa rimoti, kagalasi anachotsa pafoni yosweka. Apulofesolo ake ku Tete anamuseka. Anati kachipi kotchipa chotero kalibe mphamvu, sikangasenze gemu. Vânia atawatsutsa, iwo anamuuza kuti akabwera nako Loweruka kakugwira ntchito, bolusa, thandizo la ndalama yokaphunzirira ku Beira, ndi yake. Akalephera, abwerere kwawo akakumbe kachewere.

Komatu zinatheka. Anachotsamo nyimbo, anachepetsa mitundu, kamunthu kanathamanga. Katatu konse kanathamanga madzulo. Katatu konse ankati akabwera kumunda m'mawa mwake n'kuyatsa, kagalasi kali bii.

Batire la kamakinako ankakalitchajitsa tsidya la msewu, pabaraka, kagolosale ka Natanael, pomwe panali sola. Natanaelyo anali atatumiza kale amalume ake kudzafunsira Vânia.

"Taganiza, mwanawe," anatero a Zeferino. "Mwamuna wofuna mkazi pakhomo angakuthandize kupita ku Beira? Batire lija akulidyetsa moto wochuluka dala. Iwe ukapita akwatira chiyani, sola?"

Mawuwo anamulowa Vânia. Masabata awiri apitawo akanawakalipira.

Chakumasana Natanael anatulukira pakhomo, njinga ili matope okhaokha. Anali atapalasa kupita ku Dedza ndi kubwera. Anatulutsa m'thumba la malaya kapepala kokulungira kachipi katsopano.

"Ndi komaliza aka, m'sitolo mwatha. Mmwenye uja akuti ndikumeza machipi ngati panado."

Palibe anaseka. Vânia analandira kapepalako osamuyang'ana kumaso.

"Zikomo. Usadzafikenso pano. Amalume ako uwauze asadzivutitse."

"Vânia, ukuti chiyani? Bambo, ndalakwanji ine?"

"Galu wakuba ndiye amagwedeza mchira kwambiri," anatero a Zeferino. "Nyamula njinga yako."

Natanael anatembenuka. Kenaka anakankha njinga yake kuwoloka msewu, ndipo tsiku limenelo baraka sanatsegulenso.

Lachisanu Vânia sanapite kumunda. Anawotcherera kachipi kachinayi mwendo umodziumodzi, ndi kachitsulo kake ka magetsi kosongoka ngati singano, akumapumulira kuti kachipiko kasatenthe. Batire anatchajitsa kwa dalaivala wa lole yodikira mapepala pamalire, Vânia mwiniyo ataima pomwepo. Dzuwa likupendeka, kamunthu kanathamanga. Kanadumpha maenje ola lathunthu osatsokomola.

Anatseka kabokosiko, anakaika m'kabati, kiyi n'kupereka kwa bambo ake.

"Ababa, asagwire munthu."

"Adzadutsa pamtembo wanga," anatero a Zeferino.

Loweruka Vânia analawirira kukagwira malo mu shapa, minibasi yopita ku Tete. Chifunga chinali chisanachoke m'mapiri. Kondakitala anati akhoza kumudikira mphindi khumi zokha. Anathamanga kubwerera kudzatenga kamakina kake.

Anapeza bambo ake atakhala patebulo, kabokosi katatsekedwa bwinobwino patsogolo pawo. Ankamwetulira, chinthu chimene Vânia sanachione chimwalirire mayi ake. Pambali pa mwendo wawo panali mbaula, ndipo m'makala munali chitsulo chawo chowotcherera mawailesi, chachikulu ngati chala cha kuphazi, chitafiira psuu.

"Pita mtima uli m'malo, mwana wanga," anatero. "Kuwotcherera kwanu kwa kusukulu n'kosalimba, kukanayoyoka m'mabampu. Ndadutsamonso miyendo yonse ndi chitsulo changa, monga ndinkachitira ndi titatu tija iwe uli kumunda."