Shedi ya Che Jaffalie pa Malo Obiriwira

"Ndamanga ku Joni, ndamanga ku Nampula, ndiye mapu andivute pa Mangochi pompano?" anatero Che Jaffalie, uku akugogoda pulani ya tauni ndi kiyi wa galimoto.

A Lusiya, mayi wa kuofesi yoona za malo, analoza papulanipo, kuseri kwa shedi ya shuga ya Che Jaffalie. "Pobiriwirapa, bambo..."

"Girini! Pa maloboti girini ndiye kuti dutsa. Muzikwerako basi, mayi, muone dziko."

Mkuluyo sanadikire kumva kuti mtunduwo umatanthauza dambo loletsedwa kumangapo, moswanirana nsomba. Anakulitsa shediyo mpaka m'bango, nadzazamo matumba mazana asanu.

Mu Epulo nyanja inakwera, shuga yense n'kusungunuka. A Lusiya anabwera pa bwato, napeza namatetule uja ali pamwamba pa mpanda, buluku atapinda.

"Chonde amayi, musandigwetsere shediyi," anadandaula. "Chatsala n'chimenechi basi."

Mayiwo anasuzumira pakhomo. Tiana ta chambo tinali yakaliyakali pakati pa zipilala.

"Tigwetserenji, Che Jaffalie? Pulani inati pano paziswanirana nsomba. M'tauni muno palibe amene waitsatira ngati inu. Mwaziikira ndi denga lomwe."