Kamlamba Kaulemu m'Thanki ya Galasi

Padangokhala, inu muziti tili tonse, Nkhono ndi Nkhanu. Awiriwa ankakhala m'kathanki kagalasi kowetera nsomba, ndipo mwini wake anawauza kuti asankhe okha anzawo okhala nawo.

Nkhono anasankha matemba asanu, poti sakula kwambiri ndipo sayambana ndi aliyense. Nkhanu anabwera ndi kamlamba kochepa ngati chala.

"Achimwene, kameneka ayi," anatero Nkhono mofatsa. "Bambo ake munawaona? Pakamwa pawo mutha kulowa inu ndi miyendo yanu yonse."

"Kamwana aka?" anayankha Nkhanu. "Mayi ake ndi akwathu kudambo, ndipo andipempha okha. Ndikakana, akumudzi andiona bwanji?"

Nkhono sanalimbane naye. Anangokwera pagalasi n'kumapukuta ndere monga mwa masiku onse.

Kamlamba kanali kaulemu zedi. M'mawa uliwonse kankati, "Mwadzuka bwanji, malume?" Nkhanu n'kumamva kukoma. Koma kankakula. Mwezi utatha matemba anatsala anayi, kenako awiri. Nkhanu ankati mwina abisala kuseri kwa mwala. Pofika dzinja onse anali atatha, ndipo Mlamba akati atembenuke, mchira unkagunda galasi.

Tsiku lina Nkhanu analimba mtima. Anaima chapatali n'kufunsa kuti matemba aja anapita kuti.

Mlamba anagwedeza ndevu zake ndi ulemu womwe uja. "Malume, mwaima patali, sindikukumvani bwino. Tasenderani kuno."

Nkhono anakwera pamwamba pang'ono.

Nthano yanga yafika pakamwa pa Mlamba, ndipo yathera pomwepo.