Nsapato za Kusukulu pa Benchi ya Chipatala

Mayi wogulitsa nsapato za kaunjika ankadziwa munthu pomuyang'ana kumapazi, ndipo mapazi a amene anakhala patsogolo pake pa benchi ya chipatala anamunyansa. Mzimayi wathunthu, khanda kumsana, atadzifunda nsalu mpaka kumutu, koma atavala nsapato zakuda za kusukulu. Ndithu analanda za mwana wake.

Chibwerere lamulo loti ana ovutika maganizo azithandizidwa mwaulere, mlangizi ankafika kamodzi pamwezi. Mayiyu anasiya malonda ake tsikulo chifukwa cha mwana wake wamkazi, amene anasiya kuyankhula chimwalirire bambo ake. Namwino anali atalengeza kale kuti kwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo malowo anali a wakhandayo.

Wogulitsa nsapato uja mtima unamuwawa. Kodi khanda lili ndi maganizo anji? Likudandaula kuti mkaka wakwera mtengo? Anthu okonda zaulere ankawadziwa bwino. Atamva kuti akugawa mabokosi a maliro, angathamangire kukaima pamzere.

"Amayi," anatero mokweza kuti benchi yonse imve, "sikelo ya makanda ili uko. Kuno n'kwa ana odwaladi."

Wakhandayo sanacheuke. Anangopitiriza kudziluma zikhadabo.

"Ndikunena inu. Munthu wamkulu ndithu kulanda malo a mwana? Manyazi munawasiya kunyumba?"

Ena anaseka chamumtima, ena n'kuyang'ana kumbali. Khanda linayamba kulira, mwini wake osalitonthoza n'komwe. Mayi uja anatsonya. Kubereka kokha anakudziwa, kulera ayi.

Chitseko chitatseguka, wogulitsa nsapatoyo anaimirira msangamsanga.

"Anamwino, tawauzani awa apite kusikelo. Wangayu ndiye wodwala."

Namwino sanatsutsane naye. Anamasula khanda lija kumsana kwa mwini wake n'kuliika m'manja mwa wogulitsa nsapatoyo.

"Tatigwirirani, mayi. Likamalira, uyu satha kuyankhula."

Nsalu ija inagwa pansi. Panaoneka yunifolomu ya kupulayimale, yothina pachifuwa, yonyowa ndi mkaka, ndi kankhope kosasiyana msinkhu ndi ka mwana wa mayi uja.

"Tiye mwanawe, usaope," anatero namwino, atamugwira dzanja.

Mayi uja anatsala chilili, khanda m'manja, maso ali pansi. Nsapato zija zinkamukwana bwinobwino mwini wake.