Dzanja Limene Wiebe Sanakweze

Panali munthu wina ku Harlingen dzina lake Wiebe Postma, mkulu wa kampingo ka Amenoni. Mpingowo unamva kuti buku limene kholo lawo linalemba potsutsa ubatizo wa makanda likukagulitsidwa pa okushoni ku Leiden. Anzake onse a bukulo adani anawatentha kalekale, linatsala lokhalo. Anthu anasonkha, namutuma Wiebe kuti akabwere nalo kwawo.

Mkazi wake Tjitske anamuchenjeza ali pakhomo: "Wiebe, iwe vuto lako ndi kukhulupirira aliyense. Kumeneko kulibe mbale. Ukakweze dzanja lako wekha."

Iye anangoseka.

Ku Leiden, bambo wina wovala bwino anamugulira khofi. Pakamwa pake panali potsekemera.

"Akulu, ndaona mmene mumalisisitira buku lija. Inenso ndikulifuna. Tikalimbana, wodyerera ndi wogulitsa. Inu mungokhala chete, ndigule ine motchipa. Ndikangolijambula zithunzi, mulitenga pa mtengo womwewo."

"Koma inetu sindikukudziwani."

"Agogo anga anali a mpingo wanu womwewo."

Basi, Wiebe anakopeka.

Buku litakwezedwa m'mwamba, ogula anayamba kukweza manja. Mtengo unakwera pang'ono, nkuima pamene Wiebe akanapitirira mosavuta. Wogulitsa anamuyang'ana, nyundo ili m'mwamba. Dzanja linkamuyabwa, koma bambo uja anamugwira pabondo. Nyundo inagwa, ndipo kumeneko ikagwa yagwa.

"Ndidikireni panja, ndikalipire," anatero bambo uja, buku litagwera iye.

Wiebe anadikira mpaka zitseko zinatsekedwa. Atafunsa, wantchito wa pamalopo anapukusa mutu.

"Ameneuja? Watulukira kumbuyo. Mabuku sagulitsa athunthu. Amawadula ndi mpeni nkumagulitsa tsamba limodzilimodzi, anthu azikoloweka pakhoma."

Wiebe anazungulira masitolo milungu ingapo, tulo osalipeza. Pomaliza anapeza tsamba limodzi lokha, lili m'galasi, naligula. Ena onse anali atamwazikira m'nyumba za anthu osadziwika.

Lamlungu anaima kutsogolo kwa mpingo, tsambalo lili m'manja mwake. Mayi wina wokalamba, amenenso anasonkha nawo, anafunsa mofatsa: "Mbale Wiebe, musadandaule. Olemera anakuposani mtengo, eti?"

Wiebe anazyolika.

"Ayi, mayi. Dzanja sindinakweze nkomwe."

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito imene anzako akutuma usaipereke kwa munthu amene wakumana naye lero, ngakhale atakutchulira agogo ake. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, wina angasiye dzanja m'thumba pa nthawi yofunika kulikweza.