Madzi a Mayi Rabia

Panali munthu wina pa Boma la Chiradzulu, telala wosokera pakhonde la sitolo, dzina lake a Lajabu. Amene amasimba nkhaniyi amati inachitikadi.

Akazi awo, a Rabia, anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Limbe. Abwana awo posamuka anawasiyira thanki yagalasi yowetera nsomba. Munali tinsomba tisanu ndi tiwiri tofiira kumchira, tating'ono ngati chala cha mwana, ndi udzu wa m'madzi womera pa timiyala. Dzuwa likapendeka nkulowera pazenera, kuwala kwa madziwo kumavina kudenga, udzu nkumawerama pang'onopang'ono ngati m'katimo mukuomba kamphepo kakekake. A Lajabu amaweruka msana ukuwawa, nkukhala pampando kuyang'ana, mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Ntchito yawo inali kuonera basi. Wosamala anali a Rabia. Lachisanu lililonse amachotsa ndowa imodzi yokha m'thankimo, nkubwezeramo ndowa ya madzi a pamjigo amene agona masiku awiri pakona.

"Bwanji osangotaya onsewo nkuthira oyera?" a Lajabu anafunsa tsiku lina.

"Inu bambo, madzi akalewa ndiye kwawo," anayankha a Rabia. "Achilendo azilowa pang'onopang'ono. Mukasintha onse tsiku limodzi ndiye kuti mwazisamutsa osaziuza. Ndipo sopo ndi kolorini zisadzayandikire pano, mwamva?"

"Ndamva, mayi," anatero akuseka.

Chaka chatha a Rabia anadwala masabata awiri okha, nkumwalira. A Lajabu anasweka mtima. Nsomba amazidyetsa, koma madzi sanawakhudze. Nthawi zina akamawodzera pampando masana, amaona ngati nkhope ya akazi awo ili tsidya lina la galasi, ikuwerenga nsomba ndi chala. Pang'onopang'ono ndere zinayamba kumera pagalasipo.

Litatsala tsiku limodzi kuti kuchitike sadaka ya masiku makumi anayi, a Nabanda, mayi woyandikana nawo nyumba, anabwera kudzathandiza kukolopa. Anaima patsogolo pa thanki, manja m'chiuno.

"A Lajabu, mawa kukubwera mashehe ndi achibale a malemu. Adzaone madzi obiriwira chonchi? Adzati mayi kungopita, nyumba yasanduka dambo."

Mawuwo anawalasa. Manyazi ndi oipa, abale, amakuiwalitsa ndi chimene ukuchidziwa bwinobwino. Langizo la akazi awo analikumbukira ndithu, koma anadziuza kuti kamodzi kokha sikangaphe. Anaika nsomba m'beseni, anazula udzu, nkukataya madzi onse kuseri, pansi pa nthochi. Galasi ndi timiyala anazikwecha ndi sopo mpaka thukuta kamukamu. Inali nyengo ya mvula, ndipo poopa kolera madzi onse a pasadaka anali atathiridwa kolorini m'madiramu. Anatunga momwemo, ozizira, nkudzaza thanki. Anabzalanso udzu, nkubwezeramo nsomba.

Kunena zoona, thanki inawala. Madzi osaoneka nkomwe, nsomba ngati zikuuluka m'malere. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro a Lajabu anamwetulira.

"Rabia akanaona izi," anatero chapansipansi.

Pasanathe ola limodzi tinsomba tonse tinakwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Kenako kamodzi kanagona chammbali nkuyamba kutsika ngati tsamba. A Lajabu anagogoda galasi ndi chala, anathiramo chakudya, anaitana a Nabanda. Panalibe chochita. Pofika nthawi ya swala, pemphero la madzulo, tonse tisanu ndi tiwiri tinali titafa.

M'mawa mwake mwana wawo Hanifa, amene anakwatiwa ku Njuli, anatsika pakabaza atakumbatira chigubu.

"Ababa, ndabwera ndi madzi ogona masiku awiri," anatero akulowa m'nyumba. "Amayi anandiphunzitsa. Tingochotsa ndowa imodzi, ndere tipukuta ndi kansalu, alendo asanafike."

Anatula chigubu, nkuona galasi. Loyera mbee, udzu utafota, mulibe chosuntha. Anatembenukira kwa bambo ake.

"Nanga madzi a amayi ali kuti?"

Apa mpamene a Lajabu anazindikira chimene sanachiganizire dzulo lake. Ndowa yomaliza kulowa m'thankimo anathira ndi a Rabia, ndi manja awo, Lachisanu limene anayamba kumva mutu. Masiku onsewa madzi amenewo anali pomwepo pabalaza, akuvina kudenga, iwo nkuwatenga ngati litsiro.

Anamugwira dzanja mwana wawo, nkupita naye kuseri kwa nyumba. Anayang'ana pansi pa nthochi, uku ndi uku. Kunali kutagwa mvula mbandakucha, ndipo sanathe kuloza ngakhale pamene anathira.

Phunziro: Amene wasamala chinthu zaka zambiri akakuuzani kuti pang'onopang'ono, mverani, ngakhale iye kulibenso. Si choyera chilichonse chimene chili chamoyo, ndipo maso a alendo a tsiku limodzi asakutayitseni chimene simudzachitolanso. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani anzanu, mwina pali wina amene wanyamula kale sopo m'manja.