Saka Lonyowa la Vasco

Kuno ku Tete kunali munthu wina dzina lake Vasco, wa ku Chimadzi. Izi zinachitika nkhondo itangotha, anthu akubwerako ku Malawi kumene anathawira.

Vasco anali ndi galimoto yakale yotsegula kumbuyo, zija timati karinya. Ankanyamula obwerera kwawo kumidzi ya cha ku Tsangano. Msewu wakumidziko anali atachotsamo mabomba okwirira pansi, koma m'kati mokha. Kutchire kunali kusanagwiridwe. Galimoto kuima panjira imeneyo sizinali zosewera.

Ndiye yake inali ndi vuto. M'mawa inkalira bwino, koma injini ikatentha inkangozima. Vasco ankanyowetsa saka, n'kukulunga pampu ya gasolina, n'kudikira. Pakapita kanthawi inkaliranso.

Mkazi wake, Zulmira, anamuvutitsa mpaka anapita nayo kwa Bernardo, mmisiri wa magalimoto wa kudera la Josina Machel. Bernardo anailiza n'kuisiya padzuwa mpaka inazima yokha. Anamasula paipi, gasolina n'kutuluka bwinobwino. Kenako anazula waya wa moto n'kuuyandikitsa pachitsulo.

"Pukusani kiyi," anatero. Vasco anapukusa. Sipanathetheke kanthu.

"Kumpadre, bwenzi langa, mafuta akufika. Chikusowa ndi moto. Bobina iyi, yomwe imatumiza moto ku injini, yatopa. Ikatentha imafa, ikazizira imadzuka."

"Nanga saka langa limaidzutsa bwanji?"

"Saka lanulo limangokunyowetsani buluku. Imadzuka chifukwa mwadikira, basi."

Anthu amene anali pamenepo anaseka. Vasco zinamupweteka.

"Amisiri, galimoto iyi ndinaiyendetsa zipolopolo zikulira, inu muli kukampu pamzere wa nandolo. Musandiphunzitse."

"Isiyeni mpaka mawa ndikupezereni bobina ina. Ngati mukukana, ikakazima ingokhalani m'galimoto mudikire. Musakatuluke mumsewu."

Vasco anaikankhitsa n'kuchoka nayo.

M'mawa mwake anakweza mabanja atatu ndi katundu wawo. Zulmira anakwera nawo kutsogolo kuti akaone mudzi wa makolo ake. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la ku Tete. Atadutsa Moatize galimoto inazima. Ananyowetsa saka, anadikira, inalira. Atasiya phula n'kulowa msewu wafumbi inazimanso. Madzi otsala m'chigubu anathera pamenepo, ena ana anamwa.

Kachitatu inazima pamtunda wina, dzuwa lili pamutu. Ana anayamba kulira. Kumunsi, patali ngati mapazi makumi atatu, kunkaoneka kamtsinje.

Vasco anatenga chigubu.

"Bambo a Fernanda, mukupita kuti?" Zulmira anamugwira malaya.

"Kukatunga madzi. Ukufuna tigone pano?"

"Amisiri aja anati tizingodikira."

"Amisiri ako aja alipo pano? Ndisiye."

Bambo wina wachikulire mwa okwerawo, a Francisco, anafuula ali kumbuyo: "Achimwene, taonani udzuwo. Palibe njira ya munthu kapena ya mbuzi. Anthu akuno madziwo amawaona, koma sakuwatunga. Bwererani!"

"Ndipita mofulumira," anatero Vasco.

Anatsika. Onse maso anali pa mapazi ake. Anafika pamtsinje, anadzaza chigubu, n'kuchikweza m'mwamba akuseka. Pobwerera chigubu chinamulemera, ndipo anapatuka pang'ono kuzemba mwala.

Kunamveka kuphulika. Fumbi litachepa, anamuona ali gone, akukuwa.

Palibe anasuntha. Zulmira yekha ndi amene anatsika.

"Mayi, pondani pomwe anaponda iye popita!" a Francisco anakuwa. "Pena paliponse ayi!"

Zulmira anavula nsapato kuti aziona bwino poponda. Anayenda chowerama, akufufuza mapazi a mwamuna wake m'dothi, limodzi limodzi. Pena sankaoneka, ndipo iye ankaima mpaka a Francisco amuuze. Atamufika anamanga mwendo ndi nsalu yake, n'kumubereka ngati mwana. Kubwerera kunatenga nthawi yaitali kuposa kupita.

Anamugoneka pamatumba. Magazi sankaleka.

"Madzi atayika," Vasco ankabuula. "Sililiranso. Ndifera pano."

A Francisco, amene kale ankayendetsa thirakitala, anakhala pampando wa dalaivala. Saka linali louma gwa, lili pansi. Anapukusa kiyi kamodzi.

Galimoto inalira.

Pobwerera inazima kawiri. Kawiri konseko anangokhala m'galimoto n'kudikira, Zulmira atafinya nsalu pamwendo paja, ndipo inkalira popanda dontho la madzi. Anafika kuchipatala Vasco atakomoka. Moyo anapulumuka, koma mwendo wakumanja anaudula pabondo.

Bernardo anapita kukamuona. Sanatchule za saka. Vasco ndi amene anayamba, maso ali kudenga:

"Amisiri, ndikanangokhala pansi."

Phunziro: Chinthu chikamaoneka ngati chikukuthandiza, si ndiye kuti ndicho chikukuthandizadi. Munthu wodziwa ntchito akayeza pamaso pako n'kukuonetsa vuto, mvera, ngakhale anthu akuseke. Manyazi a tsiku limodzi amatha, mwendo sumeranso. Inu amene muli ndi amuna, alongo kapena ana oyendetsa magalimoto, auzeni nkhaniyi asananyamuke, nawonso akauze anzawo.