Mjigo Wotchula Amalume

Mjigo wa ku Kalonje sutulutsa madzi usanatchule mzere wa wotungayo: malume ake, malume a malume akewo, mpaka tsinde la mbumba.

A Gwirize, amene adalowa dzina la malemu amalume awo pamwambo wa mbuzi ziwiri, adakalembetsa chala chawo kumakina oyendetsa mjigowo atavala jekete. Makina atafunsa za amalumewo, adayankha monyadira, "Gwirize ndi mmodzi, ndine ndemwe."

Chiyambire tsikulo, akaika chala pamjigo unkangoti, "Gwirize, malume ake Gwirize, malume ake Gwirize," osaleka, osadontha n'kadontho komwe. Amayi otunga ankathawa ndi ndowa zawo.

"Bambo a Tadala, kauzeni makinawo kuti Gwirize adamwalira kale," adatero Nachisale, akazi a Gwirize. "Ndatopa kukugawirani madzi a ana."

A Gwirize adapita kukanena, makina n'kumva. Koma m'makinamo Gwirize adalidi mmodzi. M'mawa mwake Nachisale ataika chala, mjigo udaonjezera ndowa ya chipepeso, n'kunena mwaulemu, "Pepani ndi maliro a amuna anu."

Masana Nachisale adawaikira kapu ya madzi patsinde pa mtengo, pothirira nsembe. A Gwirize adaitana kawiri. Palibe adacheuka, ngakhale galu.